Khofi Wowawa wa ku Mansoura

Hazem anafika ku Mansoura nkhope ili ndwii, ngati munthu amene amulanda chinthu. Mkazi wake Nermin, dokotala wa ana, anali atatumizidwa kukagwira ntchito ku chipatala cha mumzindawo, ndipo iye anangotsatira chifukwa cha chikondi, kusiya ntchito yake yolemba mapulogalamu a pakompyuta ku Cairo. Anthu a ku Cairo ali ndi matenda awoawo. Amaganiza kuti ukangotuluka mumzinda wawo, kwinako kwangotsala minda ya mpunga ndi njati. Hazem matendawa anali atamulowerera.

Anachita lendi nyumba ya pamwamba pa sitolo ya zitsulo ya a Haji Fathi, anakoketsa waya wa intaneti yamphamvu, n'kudzitsekera. Nyengo yonse yozizira anakhala akufunafuna ntchito pa intanetipo, koma ku Mansoura kunalibe kampani ndi imodzi yomwe yolengeza kuti ikufuna munthu wonga iye. Akasuzumira pawindo ankangoona matukutuku, timagalimoto ta mawilo atatu tonyamula anthu, ogulitsa madzi a nzimbe, ndi zikwangwani za madokotala zili mbwee pakhoma lililonse. Madokotala ndiye analipo osowa powaika, koma wa makompyuta sankamuona.

Tsiku lina bwana wake wakale anamuimbira foni. Malo ake anali akadalipo, koma yankho linkafunika m'mawa mwake. Kuvomera kunatanthauza kubwerera ku Cairo, kumusiya Nermin yekha ali woyembekezera, n'kumadzamuona Lachisanu lokha ngati mlendo. Nermin sanamuletse.

"Ndikuona mmene ukufotera muno, Hazem," anatero. "Ngati ukufuna kupita, pita. Sindikusungira chakukhosi."

Atatero analowa kukhitchini n'kutsegula mpopi nthawi yaitali, chotsuka palibe. Zinamupweteka Hazem, koma mumtima mwake anali atanyamuka kale.

Dzuwa litangolowa, a Haji Fathi anagogoda pachitseko.

"A injiniya, valani nsapato. Tikupita kukapepesa maliro."

"Wamwalira ndani, a Haji?"

"Aphunzitsi Ramzi."

"Koma ine sindiwadziwa."

"Nanga mumadziwa ndani kuno? Mphaka wanga amadziwa anthu ambiri kuposa inu. Tiyeni, pamaliro safunsa chitupa."

Anatsatira chifukwa cha ulemu basi, maganizo ali pa zovala zoti alongedze. Koma atakhota pakona ya mzikiti, miyendo inaima yokha. Msewu wonse anali atautseka ndi chitenti cha nsalu zofiira zamaluwamaluwa, kuyambira pamzikiti mpaka kumene maso analekezera, ndipo mkati mwake anthu anali atadzaza, popanda poponda. Hazem anaonapo maliro a anthu olemera ku Cairo, koma khamu lotere kwa mphunzitsi wamba anali asanalionepo. Anapatsa moni abale a malemu amene anandanda pakhomo, anapeza mpando, ndipo anamupatsa kakapu ka khofi wopanda shuga. Shehe ankawerenga Kurani, anthu onse ali zii.

Posowa poyang'ana, anagwetsa maso pansi. Pansi pa mpando wa munthu wa patsogolo pake panali chikwama chakuda. Ankachidziwa bwino chikwama choterocho, chonyamulira laputopu, chotha m'makona. Kumanzere kunali china. Kumanja china. Anatsamira pang'ono n'kuyang'ana mzere wonse, kenako mzere wina, ndipo paliponse panali zikwama, pansi pa anyamata ndi pansi pa amuna a imvi omwe. Anthuwa anali atabwera molunjika kuchokera kuntchito.

Kenako anaona mzere wa kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi Shehe. Pamipando imeneyo panalibe anthu. Pampando uliwonse anatsamiritsapo foni kapena tabuleti, ndipo mu iliyonse munali nkhope ya munthu atawerama, akumvetsera. Wina kumbuyo kwake pawindo kunkagwa chipale chofewa. Kwa wina dzuwa linali likadali paliwombo. Wogawa khofi pofika pamzere umenewo ankachepetsa liwiro n'kumagwedeza mutu pampando uliwonse, monga amachitira kwa mlendo amene wakana kapu. Hazem anatembenukira kwa a Haji.

"A Haji, anthu awa..."

"Dikirani Shehe apume kaye."

Shehe atapuma, a Haji anamunong'oneza. Aphunzitsi Ramzi ankaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo masana ankasonkhanitsa ana m'kachipinda ka pamwamba pa wogulitsa madzi a nzimbe, n'kumawaphunzitsa kulemba mapulogalamu. Poyamba ankalemba papepala, chifukwa kompyuta inalipo imodzi yokha ndipo ankachita kulandizana.

"Onsewa ndi ana awo," anatero a Haji. "Wandevu uyo ndi Bassem. Anthu ake amayendetsa makompyuta a masitima apamadzi a ku Ulaya, ali pamwamba pa shopu yometera tsitsi. Wamagalasi uyo amagwirira zipatala za ku Dubai. Ndiye simunawaone azimayi, ali m'nyumbamo, nawonso zikwama zokhazokha."

"Kuno ku Mansoura konkuno?"

"Ayi, kumwezi."

Hazem anachita mantha a mtundu wina, onga amene umamva ukaima pamphepete pa mtsinje wa Nile usiku wa chifunga n'kuzindikira kuti madzi ndi ambiri kuposa mmene umaonera. Nyengo yonse ija ankayang'ana mawindo oyanikapo zovala n'kumawanyoza, osadziwa kuti kuseri kwa zovalazo anthu akuyendetsa masitima a kutsidya kwa nyanja. Ndipo onsewa anachokera m'kachipinda kamodzi, kwa munthu mmodzi amene tsopano anali m'manda.

Chizolowezi cha ku Cairo chinamudzutsa pampando kuti akadzidziwitse kwa Bassem. A Haji anamugwira bondo.

"Pano ayi, mwana wanga. Imwani khofi."

Anakhala pansi. Shehe akapuma anthu ena ankanyamuka kupereka malo kwa obwera kumene, koma iye sanafune kuchoka. Anakhala mpaka Shehe anamaliza, akuona nkhope za m'mafoni zija zikutsanzika imodziimodzi.

Potuluka, Bassem ndi amene anamugwira dzanja, ndipo sanalitaye msanga.

"Ndinu a injiniya Hazem, amuna awo a dokotala Nermin."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Amene anakukokerani waya uja ndi mlamu wanga. Munthu sakoketsa waya wotere kuti azionera mpira. Tinadziwa tsiku lomwelo."

"Ndiye bwanji simunandiitane? Ndafunafuna ntchito mpaka maso kufiira."

"Ife ntchito sitilengeza, achimwene. Tinayesapo. Anabwera anzanu a ku Cairo, tinawaonetsa zathu zonse, kutangotentha pang'ono anathawa. Ndiye tinkadikira tione ngati mumakhala kuno kapena mumangogonako." Anamwetulira pang'ono. "Lamlungu m'mawa mubwere pamwamba pa wamadzi a nzimbe, m'chipinda cha aphunzitsi chomwecho. Chikwangwani palibe. Mukasokera mufunse aliyense."

Hazem anachita manyazi kwambiri, chifukwa ankadziwa yankho limene akanapereka akanamufunsa masana a tsiku lomwelo. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono, khosi lili m'mwamba, akuyang'ana mawindo oyaka magetsi ngati mwana amene wafika m'tauni koyamba.

Anapeza Nermin atatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Anali atamupindira kale malaya, maso ali ofiira.

"Maliro anali bwanji?" anafunsa Nermin osamuyang'ana.

Hazem anatulutsa malaya aja limodzilimodzi n'kuwaika pabedi, anatseka sutikesi, n'kuibwezera pamwamba pa kabati. Anaikankhira mkati mpaka inagunda khoma.

"Nanga ku Cairo uwauza chiyani?"

"Ndiwaimbira m'mawa." Anakhala pambali pake n'kumugwira dzanja. "Nermin, aneba athu a khomo loyang'anizana nafeli, dzina lawo ndani?"

Nermin anaseka, misozi ili mbwembwembwe, n'kuyamba kumutchulira mayina a anthu a m'nyumba yosanjikizana yonseyo, kuyambira pansi.