Mkungudza pa Kolala

Amuna anga anali kalipentala. Maso anawathera kalekale, ndipo chaka chino mutu nawo wayamba kutaya anthu. Ine amandidziwabe chifukwa cha sopo wanga ndi kulongolola. Mwana wathu wachisamba, amene amagwira ntchito ya muofesi kutali, anabwera kudzawaona. Ankafuna chinthu chimodzi: bambo ake amuzindikire asanabwerere.

Fungo ndi limene linayamba kulowa, mwiniwake pambuyo. Ndinayetsemula.

"Iwe, wagwera m'botolo?"

"Ndi perefyumu, amayi. Yapamwamba." Ananditulutsira botolo lakuda, lolemera ngati mwala. "Imayamba ndi mandimu ndi tsabola. Zimenezo zikatha pamabwera fungo lina."

"Libwere msanga."

Atalowa kuchipinda, bambo ake ananunkhiza kamodzi n'kukokera bulangeti pachifuwa.

"Takulandirani adokotala. Koma jakisoni ayi."

"Ndine, bambo. Mwana wanu."

"Zikomo adokotala."

Mwanayo anayesa zonse, mpaka kutchula galu wathu wakale, koma sizinathandize. Anatuluka n'kukakhala pakhonde, mutu uli pansi. Iye ndi bambo ake sanamvanepo kwenikweni. Ali wamng'ono ankagwira sowo ngati wagwira njoka, bambo ake n'kumutcha Kalaliki, ndipo dzinalo silinali lomuyamikira. Atakula, nkhani zawo zinkathera pa moni ndi za mvula.

"Ndikasambe kuti lichoke?" anandifunsa.

"Mpopi wauma. M'malo mongokhala ndwii, konza mpando uwo, mwendo ukugwedera."

Analimbana nawo masana onse, thukuta kamukamu. Mpandowo unkagwederabe.

Dzuwa litapendeka ndinamutuma kukawatembenuza bambo ake, poti ine msana sundilola. Mandimu aja anali atatha. Pamalaya pake panatsala fungo lofatsa, lofunda, ngati la m'kabati yatsopano ukangoitsekula, muli kautsi pang'ono, ndiponso thukuta lake.

Atawerama, bambo ake anamugwira kolala n'kuika mphuno pamenepo. Sanafulumire kumusiya.

"Mkungudza uwu," anatero. "Wouma bwino. Mwaupeza kuti, amisiri?"

Mwanayo anandiyang'ana, pakamwa patayamba kale kunena kuti "ndine". Ndinapukusa mutu.

"Ndinachita kugula," anayankha.

"Mukupanga chiyani?"

"Mpando. Koma mwendo ukugwedera."

"Mwakhomapo msomali, eti?"

"Eya."

"Ha! Ulesi umenewo. Takhalani apa."

Anakhala pabedi. Bambo ake anamufotokozera za kuboola, kusema kamtengo kolowa ndendende, kupaka guluu, kenako kudikira osaugwiragwira. Anamugwira manja onse awiri n'kumawayendetsa m'mwamba, kumuonetsa mmene amapalira thabwa motsata mizere yake. Mawu awo anali amphamvu, ngati a masiku amene nyumba ino inkadzaza utuchi.

"Manja anuwa ndi ofewa. Ntchitoyi mwaiyamba mochedwa?"

"Mochedwa kwambiri."

"Palibe kanthu. Ndili ndi mwana wanga, Kalaliki, manja ake ngati anuwa. Msomali sautha, koma mutu, eee! Wakuthwa. Musakamuuze, angadzimve."

"Sindikamuuza," anatero mwanayo.

Ine ndinapita kukatenga zovala pachingwe. Zinali zitauma kalekale.

Mpaka tsiku lonyamuka, bambo ake sanamuzindikire. Ankangofunsa ngati amisiri aja abweranso. Atamanga chikwama, mwanayo anandipatsa botolo lija.

"Muziwathirira papilo, amayi."

"Pilo amayankha mafunso? Tenga botolo lako. Ukamabwera uzidzithira m'mawa, kuno uzifika madzulo mandimu atatha."

Anaseka pang'ono n'kulibwezera m'chikwama.

"Nanga mpando uja?"

"Ndauika pakona, palibe augwire. Ukaphunzire kuzula msomali. Amisiri anzako ali kuchipindawa adzakufunsa."