Miyezi Itatu ya a Athumani

Mu Malichi 1996, nesi wa pa fakitale ina ku Isando anakulunga lamba pa mkono wa a Athumani, napopa, nayang'ana, napopanso kachiwiri. Kenako anawauza mosapsatira kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo munthu wotere sangamusiyire fokolifiti. Anawapatsa mapilisi ndi miyezi itatu. Bipi ikapanda kutsika, zoyendetsa aiwale.

A Athumani anali ndi zaka 46, ndipo zisanu ndi zinayi mwa izo anazithera pampando wa fokolifiti, kukweza ndi kutsitsa mabokosi. Mimba inali itatsogola. Akamakwera masitepe a pa siteshoni ankaima pakati ngati akudikira munthu. Kuchipinda chawo ku Elsburg, akazi awo a Sabra anachepetsa mchere ndi mafuta, koma nesi anali atanenanso zolimbitsa thupi. A Athumani anayesa kuthamanga m'mawa wina. Maondo anatupa sabata yathunthu.

Nzeru inachokera kwa a Peterson, mnansi wawo wa ku Thyolo, amene ankakonza mabwato pa kalabu ya opalasa pa nyanja ya ku Germiston.

"Mubwere Loweruka, achimwene. Kupalasa sikudya maondo, mumachita mutakhala pansi."

"Si za azungu zimenezo?"

"Zinali. Pano akufuna anthu. Bwato la anthu anayi lili ndi atatu."

Kochi wa pakalabupo anali mayi wachizungu wa imvi, wamapewa ngati mwamuna. Atamva kuti mlendoyo ndi wa ku Malawi anakondwa, akuti walandira munthu wa kunyanja. A Athumani anayang'ana pansi. Kwawo kunali ku Chiradzulu, kumapiri, ndipo madzi akulu amene ankawadziwa anali a m'beseni. Anawanong'oneza a Peterson kuti anene zoona, kuti iwo kusambira sadziwa.

Mayiyo sanaseke. Anawaveka jekete yoyandamitsa, nawaika kaye pa makina opalasira a pamtunda kwa masabata atatu. Apo anaphunzira kuti mphamvu imachokera m'miyendo, kenako msana, manja n'kumalizira. Tsiku loyamba anatha mphindi zinayi, mtima ukugunda m'makutu. Pofika mu Epulo ankatha makumi awiri, m'zikhato muli matuza, koma tulo ankagona ngati mwana.

Tsiku lolowa m'madzi linali la mphepo yozizira. Bwatolo linali lalitali, lopyapyala ngati khoko la nyemba, ndipo munthu ankapalasa atafulatira kumene akupita. Asanapite patali, nkhafi ya a Athumani inamira kwambiri n'kuwamenya pamimba. Anachita mantha, naisiya, nagwira m'mphepete mwa bwato. Onse anayi anakhuthukira m'madzi.

Anatchula dzina la Allah, namwa madzi, naponya miyendo uku ndi uku. Kenako phazi linagunda matope. Anaimirira. Madzi ankalekeza m'chifuwa. Anzawo atatu aja, mmodzi mphunzitsi wa ku Reiger Park, anali ataima kale akutembenuza bwato.

"Zatichitikira tonse," anatero mphunzitsiyo, akuwapatsa nkhafi. "Koma musaisiyenso. Ndiyo imagwira bwato."

Anakweranso akunjenjemera. Ulendo uno anangoyang'ana msana wa amene anali patsogolo pawo, akaweramira kutsogolo nawonso, akakankha nawonso. Patapita kanthawi nkhafi zinayi zinayamba kulowa m'madzi pamodzi, bwato n'kupepuka.

Kuyambira pamenepo ankapita katatu pa sabata. A Sabra anabweza buluku lantchito la amuna awo m'chiuno kawiri.

Mu Juni a Athumani anakhalanso pamaso pa nesi uja. Nesi anapima, nalemba, nawafunsa chimene akhala akuchita. Atamuuza, anakweza nsidze.

"Mapilisi musasiye, ndipo kunyanjako musasiyenso. Bwererani ku ntchito, baba."

Anatuluka nakakhala pa mulu wa matabwa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, padzuwa. Ndege inadutsa pamwamba ikukatera. Kapitawo anawaitana kuti lole ya ku Durban yafika, ndipo iwo anadzuka n'kukatenga makiyi a fokolifiti.