Magetsi a Pageti

Katswiri wa nyenyezi analowa mu ofesi osagogoda n'komwe, abwana akulongedza chikwama kuti aweruke. Ntchito ya mayiyu inali kuyeza kuwala kwa nyenyezi ndi telesikopu ya padenga la nyumbayo, ndipo sabata imeneyo nyenyezi ina yakutali inali itaphulika. Zoterezi sizidikira munthu. Imawala masiku ochepa, kenako n'kuzilala, basi yapita. Ndiye wina wanzeru zake anaona kuti ino ndiyo nthawi yabwino yoika magetsi akuluakulu bwalo lonse.

"Taonani," anatero akuponya zithunzi patebulo. "Zangoti mbee. Nyenyezi ili pati apa? Telesikopu imafuna mdima, bwana. Ngakhale woyatsa fodya timamuthamangitsa."

Abwanawo, amene kumwamba ankayang'anako pofuna kudziwa ngati atenge ambulera, anapukuta magalasi mwachifatse.

"Anapempha ndi alonda. Kamvaneni konko, pozimitsira pali m'kanyumba kawo."

Apa ndiye mayiyo anapsa mtima zenizeni. Alondawo anali amalume ake, ndipo ntchitoyo anawapezera yekha, mochita kugwada. Kuthokoza kwake n'kumeneku? Anatsika masitepe akutukwana chamumtima.

Kunja kunali kutayamba kuda, magetsi aja ali ngwee. Anawapeza amalumewo pageti atavala chijasi.

"Amalume, mwandiphera ntchito. Osandifunsa kaye bwanji?"

"Ndikufunse nthawi yanji? Usiku uli padenga, masana uli mtulo."

"Ndiye mungondithira magetsi m'maso?"

Amalume anavula chijasi mbali imodzi. Mkono wonse unali m'bandeji.

"Akuba, Lolemba lija. Anabwera ndi zikwanje mumdima wako womwewu. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Iwe unali pamwambapa."

Analikumbukira Lolembalo. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi, ndipo zithunzi zake zabwino koposa anajambula tsiku limenelo. Manyazi anamugwira, koma mkwiyo sunachoke, unangosowa potera. Anakwiyira akuba, anakwiyira abwana oumira kulemba mlonda wachiwiri, anakwiyira ndi nyenyezi yomwe, yosadziwa kudikira.

"Zimitsa, mwanawe," anatero amalume motsitsa mawu. "Si ntchito unandipezera ndiwe? Ndinganene chiyani ine?"

Mayiyo akanakonda amalumewo akanamukalipira. Analowa m'kanyumbamo, nayang'ana kumwamba kudzera pawindo. Kunalibenso mtambo, ndipo za mawa palibe ankadziwa.

Anazimitsa.

Amalume anakokera mpando wawo kukhoma ndi dzanja limodzi, natsamiritsa chibonga pabondo.