Botolo Logwira Bodza

Ana a ngamila atatu anandifera mwezi umodzi, ndiye wina asandiuze kuti ndinkakayika pachabe. Ndinakadandaula ku kampani ya mgodi wapafupi nafe kuti akutiipitsira madzi, ndipo patatha sabata galimoto yawo inatulukira. Wotsikamo ndani? Byambadorj, mng'ono wa malemu amuna anga, yemwe anasiya ziweto n'kukayamba ntchito yoyeza madzi. Ndinati eya, anditumizira wachibale kuti manyazi anditseke pakamwa.

Chitsime chawo choyezera ndi paipi chabe yokhoma ndi loko, kumtunda pang'ono kwa chitsime changa. Anatsegula, n'kutsitsamo chingwe cholira chikakhudza madzi, n'kulemba nambala. Kenako analiza pampu. Madzi khwaa, pamchenga! M'chipululu cha Gobi muno, momwe madzi otsukira mbale timamwetsanso galu.

"Alamu, mukutaya oipawo kuti mutenge abwino?"

"Awa ndi ogona m'paipi, alamu. Timapopa odzaza paipiyi katatu, ndiye pabwere apansi enieni."

"Katatu! Wakupha ngamila zanga akhala akudikira kuti mumugwire?"

Anaseka, koma ine ayi. Anavala magolovesi n'kudzaza timabotolo tinayi mosamala ngati akuyamwitsa khanda. Ndiye ndinamuona ndi maso angawa akutenga kabotolo kachisanu, n'kuthiramo madzi ena ochokera m'galimoto, oyera mbee, n'kukamata pepala ngati tinzake tija.

Mtima unandiphulika. "Byambadorj! Pamaso panga? Madzi a m'tauni akalowe m'malo mwa anga?"

"Ili ndi botolo logwira bodza," anatero osandiyang'ana. "Madziwa alibe kanthu. Akakapezamo kanthu ku labu, ndiye kuti tadetsa ndife ndi manja athu."

"Nanga logwira bodza lanu lili kuti?"

Anaika zonse m'bokosi la ayezi n'kunena kuti zotsatira zituluka pakatha masabata atatu. Masabata atatu, pamene ine ndi adzukulu anga awiri timamwa tsiku ndi tsiku! Kusamuka si nkhani yamasewera, ngakhale kuti nyumba zathu kuno ndi mahema ochita kupasula n'kunyamula. Pano ndi pomwe timakhala nyengo yachisanu kuyambira nthawi ya apongozi anga, ndipo khola lake ndi lotentha kuposa lililonse m'chigwa chino.

Mlendo sachoka osalowa m'nyumba, ngakhale mwakangana. Ndinatunga pachitsime changa iye akuona, ndinawiritsa tiyi wamkaka, ndinathira mchere monga timachitira kuno, n'kumupatsa mbale ndi dzanja lamanja. Munthu ameneyu ndimamudziwa kuyambira ali kamnyamata ka mamina. Amamwa mbale zitatu asanafunse n'komwe za ziweto.

Analandira. Anauzira. Anagunditsa mlomo m'mphepete monga mwambo ufunira, n'kuika mbale patebulo ili yodzaza.

"Watentha?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Mchere wachepa?"

"Uli bwino, alamu."

Mdzukulu wanga wamkazi anatambasula kadzanja kuti amwe wotsalawo, monga amachitira ana. Byambadorj anaigwira mbale ija msangamsanga, tiyi n'kumutayikira pabondo.

Mantha anandigwira. Ukali wonse uja unathera pomwepo.

"Mwaona chiyani m'manambala anu aja?"

Anayang'ana kukhomo, komwe dalaivala wa kampani ankasuta fodya, n'kutsitsa mawu.

"Pantchito sindinganene kanthu labu isanayankhe. Koma ana awa ndi magazi a achimwene anga. Pasulani nyumbayi mawa, alamu. Ndibwera ndi lole ya mnzanga."