Mano Awiri a Wosoka Nsapato

"Zulani onse awiri, adokotala, ine ndikagwire ntchito," anatero amuna anga ali chagada pa mpando uja wa kuchipatala cha mano. Ine ndinali pakona, nditawanyamulira chipewa.

Malemu amuna angawo anali osoka nsapato. Anthu ankangowaitana kuti a Chidendene. Zaka makumi anayi ankasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo pakamwa pawo panali ngati dzanja lachitatu. Timisomali ankaika pamilomo, ulusi ankakoka ndi mano, kudulanso ndi mano omwewo. Ndiye mano awiri akutsogolo, apansiwa, anayamba kugwedera. M'mawa akalavula, magazi. Akakoka ulusi, misozi.

Dokotalayo anali mtsikana, msinkhu wa mwana wathu womaliza. Anationetsa chithunzi cha nsagwada chomwe anawajambula.

"Agogo, manowa ndi abwinobwino. Chadyeka ndi fupa lomwe limawagwira. Mukuona pakudapa? Pamenepa pakumbika dzenje."

"Chikomekome cha mkuyu," ndinatero ine.

"Inu khalani chete, mkuyuwo munathyola nokha," anayankha bambowo. Dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi.

Kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Anati atenga magazi ochepa pamkono, awazunguza m'makina, ndipo mbali ina ya magaziwo, imene imathandiza bala kupola, aisakaniza ndi kaufa konga fupa n'kuika m'dzenjemo atatsukamo bwino. Sanatinamize ayi. Anati mwina fupa limera, mwina limera pang'ono chabe.

Bambo anaganiza kaye. "Ndiye kuti chigamba chichokera pa nsapato yomweyo. Choterocho ndiye chimagwira. Chitani, mwanangu."

Tsiku lomwe anatipatsa litafika ndinaona ndi maso angawa. Kabotolo ka magazi awo kanalowa m'makina kali kofiira, kanatuluka katagawikana, pansi pofiira, pamwamba pachikasu ngati mafuta ophikira. Atamaliza kuwasoka nkhama, bambo anapempha galasi ndi manja, poti pakamwa panali patachita dzanzi. Anayang'anitsitsa, n'kunena movutikira kuti kasokedwe n'kabwino, kungoti mfundo zachuluka.

Vuto linabwera potuluka.

"Miyezi isanu ndi umodzi, osaluma ulusi, osaika msomali m'kamwa," anatero dokotala. "Mukangoluma, manowa tawataya."

"Nanga ndizisoka ndi chiyani? Makutu?"

Sabata yoyamba anakhala pakhomo, kumangokalipira ziwiya. Yachiwiri anabwerera kuntchito. Ine powapititsira tiyi ndinawapeza ulusi uli kale pamlomo.

"Bambo!"

"Ndimangoununkhiza, mayi."

Si mwano ayi. Zaka makumi anayi, pakamwa pankangopita pokha. Ndinaona kuti ndikawasiya okha, manowa sadutsa mwezi. Mawa lake ndinanyamula kampando ndi sizasi, n'kukakhala pambali pawo. Timisomali tinali m'chikhatho changa, iwo akatambasula dzanja ine ndapereka. Ulusi ndinkakoka ndine nditaukulunga pa kamtengo.

Poyamba inali ndewu yokhayokha.

"Mukukoka ngati mukukoka mbuzi! Imeneyi ndi nsapato ya mphunzitsi."

"Mbuzi imamvako. Inu ndiye ayi."

Mwini sitolo uja ankasuzumira n'kumati, "A Chidendene, mwawalemba ntchito abwana anu omwe? Malipiro mukwanitsa?" Bambo ankati, "Awa ndi apolisi a mano."

Koma ndikuuzeni. Zaka zonse zija ine ndinkangodziwa kuti amachoka m'mawa n'kubwera madzulo akununkha guluu. Sindinkadziwa kuti amayankhula ndi nsapato. Sindinkadziwa kuti akaona mmene chidendene chadyekera amadziwa mwini wake, kuti uyu amakoka mwendo, uyu amayenda ndi nkhawa. Ngakhale zoti amaimba posoka, ndinakamva pakhonde pompo. Tinakamba zambiri zomwe zinkatikanika m'nyumba, mpaka za mwana wathu woyamba, amene tinataya ali wakhanda. Dzina lake tinali tisanalitchule zaka zambirimbiri. Analitchula ndi iwo, akukhoma nsapato ya mwana wa munthu wina.

Miyezi ija itakwana, anapita kwa dokotala ndi mwana wathu wamkazi, poti ine mwendo unali utatupa. Anabwerako nkhope ili ndwii.

"Ati bwanji?"

"Ati fupa likumera, koma silinakhwime. Ati mupitirize kundigwirira misomali." Anakhala pansi n'kuusa moyo. "Titani nanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwana uja ananditsatira kukhitchini akudziletsa kuseka.

"Amayi, abambo akunamatu. Adokotala ati fupa labwerera bwino, mano alimba. Angowauza kuti misomali aziika m'kachitini, ulusi azidula ndi sizasi. Abambo eni ake anena komweko kuti zoluma anazolowera kale kusiya. Ndikawaulule?"

Ndinasuzumira pazenera. Bambo anali panja, akuyesa kugwedeza mano aja ndi chala, akumwetulira okha.

"Tseka pakamwa pako," ndinamuuza. "Sunamve kalikonse."

Mawa lake ndinamanga mwendo wanga ndi nsalu, n'kuwatsatira. Ndinakhala nawo pakhonde lija zaka zina zinayi, mpaka pamene Mulungu anawatenga, mano aja onse awiri ali m'kamwa. Ndipo palibe tsiku lomwe ndinawafunsa kuti kodi fupalo likhwima liti.