Mphini za Falaniko

Chibayo chitamugoneka Falaniko m'chipatala ku Brisbane, kutali ndi kwawo ku Samoa, chimunthu chija chinkasenza theka la ng'ombe kophera nyama chinayamba kusungunuka. Chibayocho chinatha, koma miyendo inakana kumudzutsa. Mphini za Chisamoa zimene anatemedwa kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo zinachita makwinya ngati thalauza lobwereka.

Dokotala Kearney anauza Sieni, mkazi wake, kuti pali njira imene akuiyesa. Adzadula kanyama pantchafu, akachulukitse maselo ake, kenako awabayirenso m'miyendomo kuti mnofu umere.

"Sindikulonjeza, mayi, n'zoyesa chabe. Koma tifulumire, mnofu ukutha."

Sieni akanavomera pomwepo. Koma Falaniko ananong'ona kuti ayambe afunsa achimwene ake, a Peniamina.

"Alamu, mutu ukuyenda bwino koma?" anakalipa a Peniamina. "Mphini zimenezo anazikhetsera magazi ife tikumuimbira. Si zanu, si zake yekha, n'za banja. Mzungu azidula ngati soseji?"

"Nanga banjalo lizidzamubereka popita kuchimbudzi?" anafunsa Sieni.

"Pakamwa apo! Tidikire amalume abwere kuchokera kumudzi ku Apia."

Amalumewo, mkulu wa banja, sankagamula nkhani zolemera pafoni. Anachedwa ndi maliro, kenako ndi mwambo wotsegulira tchalitchi. Akuluakulu satha zochita wodwala akakhala wa wina. Sieni ankapsa mtima, komanso ankaopa kutchedwa mkamwana wowononga banja. Ankangodzoza mwamuna wake mafuta a kokonati, zala zake zikumva fupa pamene kale panali nyama.

Atafika amalume, abale anayala mikeka m'galaja kunyumba ku Logan. Anapemphera, analankhula mosinthana mpaka chakumwa cha koko chonse chinazizira m'mbale, ndipo pamapeto pake amalume anavomera mwaulemu wonse.

Sieni anathamangira kuchipatala. Dokotala Kearney anayendetsa makina ounikira pantchafu zonse ziwiri nthawi yaitali, kenako anamuitanira panja.

"Pepani, mayi. Patsala mafuta ndi khungu. Mnofu wotsalawo sungatipatse maselo oti n'kumera."

Sieni anaima pakhondepo mpaka misozi inauma, ndiye analowa. Falaniko anali maso pakhomo, nkhope itawala koyamba chigonereni.

"Amalume avomera, eti? Ndiye adula liti?"

Sieni anakoka bulangete n'kumufunditsa miyendo.

"Sadula, bambo. Mphini zanu zapulumuka."