Eko ya Achemwali

Mawaya anali munthu wamkulu, wa imvi m'mbali mwa makutu, koma ngakhale nsapato sankagula asanafunse achemwali ake. Ndiwo anamulera makolo atamwalira, ndipo kulerako sanakusiye. Dzinalo anamupatsanso ndi iwo omwewo, poona kuti m'kashopu kake munalibe poponda: mawailesi otuluka matumbo, masipika ong'ambika kukamwa, ndi mawaya ali piringupiringu ngati njoka zothawa moto.

Chaka chimenecho anachita zinthu ziwiri osapempha. Anagula mikisa yakale yosakanizira mawu a pa zokuzira, pamodzi ndi kabokosi ka eko kobwereza mawu, kwa munthu wina amene ankatseka situdiyo yake. Kenako anayamba kumakhalitsa pakhonde pa Atelala, mayi wamasiye wosoka zovala moyandikana naye, ati akukonza waya wa makina osokera. Makinawo anali opalasa ndi mwendo.

Atalimba mtima n'kuwauza achemwali kuti akufuna banja, iwo anamwetulira.

"Usathamange, mwana wa amayi. Ndikamuone kaye pa ukwati wa mwana wangayu, mmene amakhalira pagulu. Yankho ndidzakupatsa anthu akamamwazikana."

Mawaya anakaitula nkhaniyo kwa Atelala monga anailandirira. Mayiwo analuma ulusi, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye kuti ndikalembe mayeso."

"Si mayeso. N'kuonana chabe."

"Ndidikira mpaka tsiku limenelo, a Mawaya. Likadutsa musanaganize, musadzabwerenso kudzakonza waya wa makina anga."

Tsikulo litafika, Mawaya analawirira ku holo ya sukulu kukayala zida zake pa tebulo la pambali. Atelala anali pa makwerero, akumangirira nsalu m'mawindo, ndiye Mawaya ankagwira chilichonse ndi zala ziwiri ngati dokotala. Woimba kiyibodi, bambo wa chipewa chosavula, anali atalowetsa kale waya wake m'bowo la pamwamba. Atangodina, masipika analira ngati mbuzi yopanidwa pa mpanda.

"Akulu, limenelo ndi bowo la maiki," anatero Mawaya, mokweza kuti za pa makwerero zimveke. "Maiki imabwera ikunong'ona, ndiye mikisa imaikweza. Kiyibodi imabwera itakhuta kale. Mukaidyetsanso imasanza. Lake ndi ili la m'munsili, la layini. Foni ya nyimbo nayonso yake ndi layini."

Anazula, analowetsa, anabweza kabatani kopotokola, kiyibodi n'kuyera mawu.

"Maphunziro onsewa, koma osakwatira," anatero wakiyibodi.

Kunatsala kabokosi ka eko. Kameneka kamafuna njira ziwiri, yopita ndi yobwerera: mawu atuluke mu mikisa, akazungulire m'kabokosi, abwere ali ndi mchira. Yobwerera sinavute. Yopita inali ndi mabowo awiri oyandikana, lina la eko, lina la sipika imene oimba amadzimvera okha. Koma m'bowo la eko mavu anali atamatamo dothi. Mawaya anatokosa ndi kamtengo ka machesi, anauzira, anagogoda, jaki ya kunsonga kwa waya n'kukana kukhala.

Wogulitsa uja anali atanenapo kanthu za kusiyana kwa mabowo awiriwa, koma pakati pa mawu ake foni ya achemwali inalira, ndipo foni imeneyo Mawaya sankaisiya ilire kawiri. Ndiye anangoti bowo ndi bowo, n'kulowetsa m'linzakelo. Sanadziwe kuti limenelo limatapa mawu kumtunda, asanafike pa kabatani kokankha kamene ankatsitsa akafuna kuzimitsa munthu. Zinali ngati ngalande yopatuka kumtunda kwa damu. Utseke damulo mmene ungathere, ngalande ingoyendabe.

Achemwali anafika atavala zonyezimira, nalanda maiki yopanda waya ngati ndodo ya ufumu. Anali atalonjeza kuimbira mwana wawo, ngakhale kuti panalibe anawapempha. Mawu awo anali a chitseko chosowa mafuta, ndipo iwo ankakhulupirira kuti eko ndiyo mafutawo.

"Onjezera, iwe. Ndimveke ngati ndili m'nyumba yaikulu."

Mawaya anaonjezera.

"Ukuumira chiyani? Ndi yako eko?"

Anapotokola mpaka kabatani kanafika pothera.

Masana holo inadzaza. Achemwali anaimba nyimbo yaitali, mzere uliwonse ukuthamangitsana ndi unzake, anthu n'kuomba m'manja mothokoza kuti yatha. Achemwali anamuyang'ana Mawaya. Iye anakankhira kabatani kawo pansi penipeni, nawaonetsa chala chachikulu: mwazima. Iwo analowa m'kachipinda kogawira chakudya ndi mlamu wawo, maiki ili m'manja, n'kutseka chitseko. Wakiyibodi anasiya kuimba kuti apukute thukuta. Anthu ankadikira keke.

Pamenepo masipika anayamba kulankhula okha. Sanali mawu olunjika ayi, inali eko yokhayokha, ngati munthu akuyankhula ali m'chitsime. Koma aliyense anadziwa mwini chitsimecho.

"Telalayo mwamuona, mlamu? Wadzipaka ngati khoma la shopu... la shopu... la shopu..."

Kumbuyo kunamveka kuseka kobisa m'mipango. Mawaya anakankha kabatani kamene kanali kale pansi. Anakakanikiza ndi chala chonse mpaka chikhadabo chinayera.

"Ndivomere ine? Akakwatira, denga langa adzakhoma ndani? Kuchigayo adzandipitira ndani? Mawaya ndi bulu wanga... bulu wanga... wanga..."

Kuseka kuja kunatha. Mkwati anayang'ana nsapato zake, mkwatibwi n'kuphimba kukamwa ndi maluwa. Maso a Mawaya anatsatira waya kuchoka pa kabokosi mpaka pa bowo lolakwika lija, ndipo anaona chimene anachita. Anagwira jaki. Kunangotsala kukoka.

"Zula, iwe," anamunong'oneza wakiyibodi. "Ukudikira chiyani?"

"Amalize kaye," anatero Mawaya, mawu ali pansi. "Chibadwire sindinawadulepo mawu achemwali."

Ndipo anamalizadi, pakuti anali mayi osasiya nkhani panjira.

"Ndimuuza adikire chaka chamawa. Amamva ameneyo. Wa kuchipatala uja ndinamuthamangitsa chomwecho. Adikira mpaka mano athe... mano athe... athe..."

Mayi wa kuchipatala uja, amene nthawi ina ankamufuna banja, Mawaya ankamukumbukira. Anangosiya kumupatsa moni tsiku lina, iye n'kumaganiza kuti mwina ndi fungo la mtovu wowotcherera mawailesi.

Chitseko cha kachipinda chinatseguka. Achemwali anatuluka ndi mbale m'dzanja limodzi, maiki m'linalo, n'kukumana ndi mchira wa mawu awo ukuzungulirabe kudenga. Anayang'ana masipika, anayang'ana anthu, kenako Mawaya.

"Sunati wazimitsa?"

"Ndinazimitsa, achemwali. Izi zinadzera njira ina."

Anakoka jaki. Mchira uja unaduka.

Atelala anadzuka mosafulumira, anakonza diresi lawo, natenga kachikwama. Njira ya kukhomo inkadutsa pa tebulo la mikisa, ndipo anaimapo ngati munthu wofunsa mtengo wa batire.

"Yankho ndalimva, a Mawaya. Ndalimva kangapo, mwina poopa kuti ndine wogontha. Latsala lanu."

Khosi la Mawaya linatembenuka lokha kuloza kwa achemwali, monga linazolowera. Analibweza.

"Mawa ndibwera."

"Makina anga alibe waya."

"Ndikudziwa. Ndibwera wopanda sikuludiraiva."

"Mwapempha?"

"Ayi."

Atelala anamuyang'ana kanthawi, kuchokera ku nsapato zosankhiridwa zija mpaka ku imvi. Kenako anaika kachikwama pa tebulo, pambali pa kabokosi ka eko, n'kukoka mpando.

"Ndiye ndidikire keke. Nsalu za m'mawindozi ndi zanga, sindingazisiye."

Kutsogolo, achemwali anali atasiya mbale. Anakonza kukhosi, anavala nkhope ya m'tchalitchi, nakweza maiki ndi manja awiri. Milomo yawo inkaoneka bwino kuti ikunena kuti mwana wa amayi, tandikweza ndifotokoze. Koma m'masipika simunatuluke kanthu. Anamenya maiki ndi chikhatho, anaiuzira, namukodola Mawaya ndi chala chija chimene chinkamuimitsa pakati pa msewu kuyambira ali wa kabudula.

Mawaya anayang'ana kabatani kawo. Kanali pansi, ndipo tsopano kankamvera. Anakasiya pomwepo, n'kukweza ka kiyibodi.

"Akulu, tiimbireni ya keke."